Mtsinje umodzi, malamulo awiri: kuona nyama ku Liwonde, kuwedza ku Elephant Marsh

Alamu anga a ku Chilomoni anatola ndodo yowedzera nsomba pa kaunjika mu Limbe, ya kawilo kopukusa ija, ndipo kwa mwezi wathunthu inangoimikidwa kuseri kwa chitseko ngati mfuti ya agogo. Tsiku limene tinapangana zopita ndi ana ku Liwonde, ndinawapeza akuilowetsa m'galimoto pamodzi ndi mbaula ndi kachitini ka nyongolotsi.

"Alamu, imeneyo ikupita kuti?"

"Komwe tikupitako. Inu muzikaona njovu zanuzo, ine ndizikaponya mbedza. Mtsinje wonse uja tikabwereko chimanjamanja?"

Maganizo awo sanali achilendo. Ambirife tinakula tikudziwa kuti pamene pali madzi pali ndiwo, ndipo mtsinje ulibe mwini. Koma mtsinje wa Shire umene umadutsa m'paki ya Liwonde ndi umene umamwazika m'dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, ngakhale madzi ake ndi amodzimodzi, umayendera malamulo osiyana. Ku Liwonde mbedza ikhoza kukugonetsani m'chitokosi. Kuchigwa, mbedza yomweyo ndi imene imalipirira ana fizi. Ife a mu Blantyre tili pakati pa malo awiriwa, ena kumtunda ena kumunsi, ndipo onse munthu akhoza kufikako tsiku lomwelo atadzuka m'mamawa. Chomwe chimasowa si galimoto ayi, koma kumvetsa mmene mtsinjewu umagwirira ntchito.

Shire ndi khomo lokhalo lotulukira madzi a m'nyanja ya Malawi. Umayambira ku Mangochi n'kuyenda makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo ulendo wakewo uli patatu. Kuchokera ku Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe mpaka kupitirira Liwonde, dziko ndi lathyathyathya ndipo madzi amayenda mwaulesi ngati mkwatibwi wotuluka m'tchalitchi. Kuyambira cha ku Matope zinthu zimasintha: mtsinje umatsika mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita ngati 80 okha, kudumpha mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Ukangomaliza Kapichira umagweranso m'chigwa chotentha cha Chikwawa, n'kuyambiranso ulesi wake. Madambo akuluakulu ali m'chigawo choyamba ndi chachitatu, pamene madzi alibe changu. Chigawo chapakati ndi cha magetsi.

Chapakaticho n'chimene chimatilumikiza ife a m'tauni ndi nkhani yonseyi. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amapangidwa ndi madzi omwewa. Madzi ambiri a m'mipope ya mu Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry n'kukwezedwa phiri lonse lija mpaka kufika kuno. Kunena mosabisa, tiyi amene mwamwa m'mawa uno ku Ndirande, madzi ake anayamba asambamo mvuu za ku Liwonde asanayeretsedwe. Ndinawauza ana zimenezi tili pa Njuli, wamng'ono n'kukana kumwa madzi mpaka pa Zomba.

Pa tauni ya Liwonde pali baraji ya Kamuzu, imene inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira kuchuluka kwa madzi opita kumakina a magetsi. Amene anaimanga anali ndi mantha omveka, chifukwa pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire unaleka kutulutsa madzi ake. Paki ili kumtunda kwa barajiyi. Zitseko zikatsekedwa madzi amaunjikana kumtunda, madambo a m'paki n'kumira; zikatsegulidwa kwambiri amene amalira ndi a kuchigwa. Mukukumbukira mkangano wa mu 2024, nyanja itadzaza mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi, ena akufuula kuti tsegulani zitseko, a ku Chikwawa ndi Nsanje akuti mutipha. Mvuu, chambo, mlimi wa m'dimba ndi wometa tsitsi wa ku Zingwangwa wodikira magetsi, onsewa amadalira zitseko zomwezo.

Tsono dambo n'chiyani kwenikweni? Si nyanja, komanso si mtunda. Ndi malo amene amapuma ndi nyengo: dzinja amamira, chilimwe amauma, ndipo moyo wonse wa pamenepo umatsata kupumako. Madzi akasefukira pa udzu, amabwera ndi matope achonde, ndipo nsomba zimatuluka mumtsinje kukaswera m'madzi osaya, ofunda, odzaza tizilombo ndi ndere, momwe ana awo amabisala m'bango ndi m'gumbwa. Madzi akayamba kubwerera, nsomba zakula zija zimatsikira mumtsinje, zina n'kutsekeredwa m'mathamanda momwe akakowa, avuwo ndi ng'ona amachitira phwando. Pamene madzi achoka pamamera msipu wanthete, ndipo ndi umene umasunga nyama zodya udzu m'miyezi imene kutchire kulibe ngakhale tsamba laliwisi. Mukalichotsera dambo kusefukira kwake, mwalipha. Mukalimiza chaka chonse, mwaliphanso.

Ichi n'chifukwa chake mwezi umene mwasankha ndi umene umalamula zomwe mukaone. Ife tinapita mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, mitengo ya tsanya itayoyola masamba. Nthawi imeneyo zithaphwi za m'tchire zimakhala zitauma, choncho njovu, njati, nswala, ngoma ndi mphalapala zimakakamizika kutsikira ku Shire. Simuzisaka, zimabwera zokha. Mtengo wake ndi kutentha kosautsa, makamaka kwa ife ozolowera chiperoni. Juni ndi Julaye kumazizira bwino ndipo misewu imakhala youma, koma udzu umakhala ukadali wautali. Dzinja paki imabiriwira, ana a nswala ali mbwee, mbalame zochokera kutali zitafika, koma dothi lake ndi la makande: galimoto yaing'ono imatitimira mpaka m'mimba, ndipo misewu ina imatsekedwa. Nyengo imeneyo bwato ndiye mfumu.

Njira yake ndi yodziwika. Kuchoka mu Limbe kudzera ku Zomba mpaka pa Liwonde ndi makilomita ngati 120. Chipata chakumwera chili pafupi ndi tauniyo, kufupi ndi phiri la Chinguni. Njira ina ndi yopitirira mpaka pa Ulongwe, pamsewu wa ku Mangochi, n'kukhota kulowera kumtsinje komwe bwato limakuwolotsani kupita ku Mvuu, malo ogona alendo a m'pakimo. Amalawi timalipira ndalama yochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja, bola mutenge chiphaso chanu cha unzika. Ndimadabwa nthawi zonse kuti munthu wa ku Germany amasunga ndalama zaka ziwiri kuti adzaone malo amene ife timawadutsa tili m'tulo m'minibasi ya ku Mangochi.

Mukafika, ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, sankhani bwato osati galimoto. Paki ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548, nkhope yake inayang'ana kumtsinje. Ndipo nyama zimaopa bwato pang'ono kusiyana ndi munthu woyenda pansi. Woyendetsa wathu anazimitsa injini pafupi ndi kachilumba ka bango, tinangoti zii, n'kumatengedwa ndi madzi. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka bango linayamba kugwedezeka popanda mphepo, ndipo chinatuluka chitamba, kenaka mutu wonse. Njovu inali m'madzi olekeza m'mapewa, ikuzula bango ndi mizu yomwe, kulikutumula m'madzi uku ndi uku ngati mayi wotsuka chisoso, kenaka n'kuliponya m'kamwa. Tinkamva kutafuna kwake. Kumbuyo kwake kunali kamwana komira thupi lonse, kachitamba kokha kali m'mwamba ngati paipi. Alamu, amene anali akulongolola za mbedza yawo yotsala pachipata, anatseka pakamwa kwa mphindi khumi zathunthu. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mwini dambo weniweni ndi mvuu. M'chigawo cha Liwonde zilimo pafupifupi 2,000, ndipo pa ngodya iliyonse ya mtsinje mumaona timakutu ndi mphuno zili tuu pamadzi. Mvuu siidya nsomba monga ena amaganizira. Usana imakhala m'madzi kuteteza khungu lake ku dzuwa, imatha kumira mphindi ngati zisanu osapuma, ndipo usiku imatuluka kukadya udzu, makilogalamu ngati 40 usiku umodzi. Ikabwerera m'madzi imachita chimbudzi momwemo, ikupukusa kamchira kumwaza ndowe. Ndowe imeneyo ndi manyowa: imadyetsa ndere ndi tizilombo, tizilombo n'kudyetsa nsomba. Ndiye kuti mvuu ndi ngolo yonyamula chonde kuchoka kumtunda kupita mumtsinje usiku uliwonse, mosalipidwa. Njira zimene imaponda m'bango zimasanduka timifuleni todutsamo madzi ndi nsomba, ngakhalenso mabwato a asodzi. Msodzi amadana ndi mvuu, ndipo ali ndi zifukwa zake zomveka, koma mbali ina ya nsomba za m'khoka lake inaleredwa ndi mdani wakeyo.

Ng'ona zimaothera dzuwa pamchenga kukamwa kuli yasa, si ukali koma kuziziritsa thupi. Zimaikira mazira m'dzenje la mumchenga chilimwe, amaswa patatha miyezi ngati itatu, ndipo kutentha kwa dzenjelo ndi kumene kumasankha ngati ana akhale aamuna kapena aakazi. Za mbalame ndiye musachite kufunsa: m'pakimu mwalembedwa mitundu yoposa 400. Nkhwazi, yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, imalira itaponya mutu kumbuyo pamwamba pa mitengo ya mvumo. Kuli kambalame kofiirira ka zala zazitali koyenda pamasamba oyandama ngati pakhonde pake, komwe yaimuna ndi imene imafungatira mazira ndi kulera ana. Kuli ina ya mlomo wofiira, wam'munsi wautali kuposa wam'mwamba, imene imauluka moyandikira madzi ikuwang'amba ndi mlomowo. Kuli kadzidzi wamkulu wodya nsomba amene alendo ena amakwerera ndege kudzangomuona yekhayo, pamene ife tikamumva usiku timayamba kupemphera.

Paki imeneyi sinali chonchi nthawi zonse. Pofika mu 2015, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa limodzi ndi nthambi yoona za nyama zakutchire, m'tchiremo munali misampha ya waya yochuluka kuposa nyama zikuluzikulu. M'zaka zochepa zoyambirira anachotsamo misampha yoposa 36,000. Anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira paki, chifukwa njovu zinkatuluka kukadya m'minda ya anthu a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi, ndipo anthu ankafa. Njovuzo zinali zitachuluka kuposa malo, choncho mu 2016 ndi 2017 njovu 520 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwa, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu, komwe anthu a m'malire a pakiyo akhala akudandaula nazo. Akakwiyo, amene ambiri timangoti cheetah, anabwezeretsedwa mu 2017 patapita zaka ngati 20 asakuonekanso m'Malawi. Mikango inatsatira mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera zipembere 17 kuchokera ku South Africa kudzawonjezera pa zimene zinalipo. Nyama zolusa zitabwerera, miimba nayo inabwerera yokha, popanda woinyamula pa ndege, chifukwa tsopano inali ndi zotsala zoti idye. Si zonse zinayenda bwino: mimbulu imene inabwera mu 2021 inafa ndi poizoni chaka chotsatira.

Tibwerere ku mbedza ya alamu. N'chifukwa chiyani mlonda wa pachipata anaiyang'ana, n'kuwauza mwaulemu kuti, "Bwana, iyi itsale pano, muitenga potuluka"? Pamaso pa lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire, nsomba ya m'paki ndi nyama monga mmene ilili mbawala. Kuitenga popanda chilolezo cha oyang'anira paki ndi mlandu. Lamuloli linakhwimitsidwa mu 2017 moti milandu ikuluikulu, monga ya minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, munthu akhoza kukaseweza mpaka zaka 30. Wa mbedza sangafike pamenepo, koma kulandidwa zida ndi kukaonekera kukhoti n'zosakoma pa tsiku limene munatengana ndi ana kukasangalala.

Chifukwa chenicheni chili kumtunda pang'ono, pa nyanja ya Malombe imene imachita malire ndi paki. Nyanja yosayayi inkatulutsa chambo matani masauzande pa chaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pofika m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Makoka a maso ang'onoang'ono, makamaka nkacha yogwirira kambuzi, ankakokolola chilichonse, ana a chambo omwe, n'kuzulanso zomera za pansi pa madzi. Kuti mumvetse kuopsa kwake, dziwani mmene chambo chimaswera. Chachimuna chimakumba kabeseni pamchenga, chachikazi n'kuikira mazira pamenepo, kenaka n'kuwatola kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana akaona choopsa amathawira m'kamwa momwemo. Khoka likadutsa limafafaniza kabeseniko, ndipo mukagwira mayi mmodzi mwapha ana mazana. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko ku Malombe kuti asodzi eni ake azithandiza kusunga malamulo, ndipo kumapeto kwa chaka kumakhala miyezi yotseka makoka. Komabe chambo sichinabwerere mwakale.

Ndiye chigawo cha Shire cha m'paki ndi amodzi mwa malo ochepa otsala kumene chambo, kampango ndi mlamba zimakula mpaka kukalamba osakumana ndi ukonde. Nsomba siidziwa mpanda wamagetsi. Zikachuluka zimasefukira ku Malombe ndi kumunsi kwa baraji, komwe asodzi amazigwira mwalamulo. Paki ndi nkhokwe ya mbewu. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi osavuta kuwalemba uli mu Blantyre utakhuta. Kwa bambo wa m'mudzi woyandikana ndi paki, amene agogo ake ankawedza pamalo omwewo mpanda usanabwere, ndipo lero akuona nsomba zikudumpha kutsidya iye ana akugona ndi njala, nkhani ya nkhokwe ya mbewu siitsika bwino. Ena amalowabe usiku pa bwato, kuika moyo pachiswe pakati pa ng'ona ndi alonda. Mkangano umenewo sunathe, ndipo mlendo wabwino amaudziwa ngakhale akujambula zithunzi.

Ulendo wachiwiri, wa mbedza tsopano, tinaupanga mu Julaye, ndipo ana tinawasiya. Msewu wake ndi wa M1, kudutsa pa Milare n'kuyamba kutsetsereka mapiri a ku Chikwawa. Blantyre ali mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, chigwa chili cha m'ma 100 okha, ndipo kusiyanako mumakumva pathupi: juzi imene munavala pa Sunnyside mumaivula musanafike pa Thabwa. Pa ngodya zina za phirilo mumaona Shire yense ali pansi, akunyezimira mokhotakhota ngati njoka. Pa Thabwa pali kusankha. Mukawoloka mlatho wa Kamuzu mumatsata tala kudzera pa Dyeratu, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, dambo lili kumanzere kwanu. Mukakhota pa Thabwa pomwepo mumatsata msewu wa kum'mawa kwa mtsinje, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, womwe umavuta dzinja. Ife tinatsata umenewu kupita ku doko la Mchacha James, komwe alendo amabwereka mabwato.

Dzina lakuti Elephant Marsh linachokera kwa David Livingstone, amene anadutsa pano pa sitima yake mu 1859 n'kulemba kuti anaona njovu 800 malo amodzi. Atsamunda analiika dambo limeneli m'gulu la malo oyamba otetezera nyama m'dziko muno mu 1897, pamodzi ndi Chilwa, koma chitetezocho chinadzachotsedwa pambuyo pake. Lero dzina lokha ndi limene latsala. Njovu munthu akaziona ku Majete, pafupi ndi Kapichira. Dambo si paki. Lilibe chipata, lilibe mpanda, ndipo ndi munda, msika ndi mseu wa anthu masauzande ambiri olankhula Chisena ndi Chimang'anja. Mu 2017 linalembedwa m'kaundula wa mgwirizano wa Ramsar wosamalira madambo, umene maiko anasainirana ku Iran mu 1971, ndipo linakhala lachiwiri m'Malawi kutsatira nyanja ya Chilwa. Malo olembedwawo ndi mahekitala oposa 61,000, kuposa paki yonse ya Liwonde. Ramsar sathamangitsa anthu. Mfundo yake ndi yakuti dambo ligwiritsidwe ntchito mwanzeru, anthu adye koma lisathe. Kulemba papepala n'kosavuta. Pamadzi ndi nkhani ina.

Bwato lake ndi la mtengo wogoba, lopapatiza, loyendetsedwa ndi mtengo wautali wokankhira pansi. Mumakhala pansi penipeni, mawondo ali m'chibwano, madzi ali chala chimodzi kuchokera m'mphepete. Woyendetsa wathu anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Tinalowa m'kanjira ka m'gumbwa kotalika kuposa munthu, kamdima, kenaka mwadzidzidzi tinatulukira pa thamanda lalikulu lodzaza maluwa oyera ndi obiriwira ngati thambo, atsekwe ndi abakha akuuluka mbali zonse, mapiri a Thyolo ali chapatali. Bamboyo anapisa dzanja m'madzi, n'kuzula chomera chimodzi, n'kutionetsa kampira kakuda kokhala ngati mbatata yaing'ono kumizu kwake. "Nyika iyi, achimwene. Chaka cha njala ndiye nsima yathu." Timamva pa wailesi kuti anthu a ku Nsanje ayamba kudya nyika, koma sitiganiza kuti amaizula atamira m'madzi momwe muli ng'ona. Duwa limene mlendo amajambula ndi chakudya chomaliza cha mwini dera.

Pa nkhani ya nsomba, apa ndi pamene mathithi aja amaonetsa ntchito yawo ina. Nsomba za mu Zambezi zimakwera mu Shire mpaka pa Kapichira, pamenepo n'kulephera kudumpha. Choncho nsomba za kuchigwa ndi za banja la Zambezi, pamene za ku Liwonde ndi za banja la nyanja ya Malawi. Kuchigwa simupeza chambo chenicheni. M'malo mwake kuli mphende, msuweni wake. Kuli nsomba yolusa ya mano ngati misomali ndi mizere yakuda m'mbali, imene azungu amati tigerfish ndipo amailipirira ndalama zambiri ku Zambezi chifukwa ikakodwa imadumpha m'mwamba n'kudula chingwe. Anthu a kuchigwa amaitcha mcheni, koma musaisokoneze ndi mcheni wa kunyanja, ndi nsomba ziwiri zosiyana. Imeneyi imakonda madzi oyenda a mumtsinje waukulu, osati m'mathamanda.

Mafumu a m'dambo ndi mlamba ndi dowe, ndipo onse awiri amapambana chifukwa chimodzi: amapuma mpweya wa kunja. Madzi a m'dambo akatentha n'kudzaza zomera zoola, mpweya umachepa ndipo nsomba zina zimafa, koma mlamba umangotulutsa mutu n'kumeza mpweya, ndipo usiku wa chinyezi umatha kukwawa pamatope kusamukira pa thamanda lina. Mvula yoyamba ikagwa, milamba imakhamukira pa udzu womira kukaswa, ndipo ndi nthawi imene imaphedwa mosavuta, ngakhale ndi zibonga. Dowe ndiye wodabwitsa kwambiri. Ali ndi mapapo, ndipo thamanda likauma amadzikwirira m'matope, n'kudzikuta ndi chikwa cha mamina ake, n'kugona miyezi mpaka madzi atabwerera. Munthu akhoza kukumba nsomba yamoyo ndi khasu pamalo pouma gwa.

Asodzi a kuno amagwiritsa ntchito matchera, mono, mbedza zambiri zomangidwa pa chingwe chimodzi, ndi ukonde woponya. Chimene chikuwononga ndi chomwe chija cha ku Malombe: maukonde a maso ang'onoang'ono, ndipo choipitsitsa ndi neti ya udzudzu yolandira kuchipatala imene yasanduka khoka. Mu neti imeneyo simudutsa ngakhale dzira. Onjezanipo namasupuni, chomera chachilendo chochokera ku South America chimene chimatseka njira za mabwato n'kutsamwitsa madzi, chomwenso chimavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Onjezaniponso dothi lokokoloka m'mapiri amene tawameta mpala ndi makala omwe timaphikira ife a m'tauni. Dothi lonselo limakatsikira m'dambo n'kumalikwirira. Ndipo kumunsi kwa dambo, pa Chiromo, mtsinje wa Ruo wochokera ku Mulanje umathira mu Shire. Ruo akakwiya amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, dambo linameza madzi ochuluka zedi amene akanapita onse nthawi imodzi kumidzi ya kumunsi. Silinathe kupulumutsa onse, koma dambo lokwiririka ndi dothi limameza ochepa chaka ndi chaka.

Mlendo wofuna kuwedza ayambe wadzera ku ofesi ya zausodzi ya boma kufunsa za chilolezo ndi nyengo yotseka, ndipo akafika padoko alonjere a komiti ndi amfumu. Musalowe pamadzi popanda mwini dera. Iye amadziwa thamanda la mvuu ya mwana, ndipo mvuu ya mwana siikambirana ndi munthu. Mu Meyi 2023 ku Nsanje mvuu inagubuduza bwato lonyamula anthu oposa 30 pa Shire, ndipo ambiri sanapulumuke. Musaike dzanja kapena mwendo m'madzi, musatsuke nsomba m'mphepete madzulo, ndipo musasambe ngakhale kutenthe bwanji: kupatula ng'ona, madzi odekha ngati amenewa ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Udzudzu wa kuchigwa suchita manyazi. Gonani m'neti, ndipo mukabwerera ku Blantyre thupi likayamba kuphwanya, kayezetseni malungo tsiku lomwelo osati kumangomwa panado. Mtengo wa bwato mugwirizane muli pamtunda.

Alamu anaponya mbedza yawo koyamba cha m'ma 9 koloko. Kawilo kanalira bwino kwambiri, chingwe chinauluka patali, n'kukakodwa mu namasupuni. Kachiwiri chinakodwa m'gumbwa. Kachitatu chinachake chinakoka mwamphamvu, ndodo n'kupindika, alamu n'kuimirira m'bwato, bambo uja n'kukuwa koyamba tsiku lonselo: "Khalani pansi, bwana!" Chingwe chinaduka. Mpaka lero alamu amalumbira kuti unali mcheni wotalika ngati mkono wawo, ngakhale tinali pa thamanda. Chapafupi pathu kamnyamata ka zaka ngati khumi, kali ndi bango ndi ulusi wa thumba la feteleza, kanali katadzaza kale theka la ndowa ndi mphende.

Titabwerera padoko, alamu anapita kwa amayi owamba nsomba pa waya, n'kugula milamba isanu yonenepa, yakuda bii ndi utsi, naikulunga m'nyuzipepala. Tikukwera phiri la Thabwa, galimoto yonse ikununkhira mlamba, anatsitsa wailesi n'kunena osandiyang'ana:

"Alamu, achemwali anu akakafunsa kuti nsombazi zawambidwa nthawi yanji, inu muzikangotsitsa katundu."